Mabotolo Amene Munkaboola Aja

Achimwene, lero pamsika ku Golomoti ndaona mwana akumwa thobwa m'botolo la mankhwala opopera mpunga. Chaka sichinakwane chimwalirireni inu, mabotolo aja abwerera kale?

Ndakumbukira tsiku lomwe munabwera kuchokera kumaphunziro oteteza alimi pantchito. Munatolera mabotolo onse otere pakhomo, ngakhale lomwe amayi ankasungira mafuta ophikira, n'kuwaboola ndi msomali. Amayi anakalipa kuti, "Kusukuluko akukuphunzitsa kuwononga zinthu?" Inu munangoti, "Amayi, poizoni satsukika."

Ndamulanda mwanayo botolo, ndipo mayi ake anditukwana pagulu. Msomali wanu uja ndaupeza pawindo, utachita dzimbiri. Mawa ndikupita nawo kumsika.