Mpando wa a Phoolmati m'Basi ya ku Kedarnath

A Phoolmati Kanaujia a ku Etawah anakalamba ndi simbi ya makala m'manja. Anakwatiwa akadali kamtsikana, ndipo mwambo wa ukwati utangotha apongozi awo anawaimika pa thebulo lositirapo zovala, pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika wa masamba. Amuna awo ankachapa kumtsinje, iwo ankasita. Ntchitoyi inawasiyira zipsera m'manja ndi mtima wosakhulupirira munthu. Ankati wosita amadziwa zimene mwini malaya sauza mkazi wake. Munthu akawapatsa moni wautali, iwo ankayamba kale kuganiza kuti akufuna chiyani.

Chimene ankalakalaka poyera chinali chimodzi: kukafika ku Kedarnath, kukachisi wa mulungu wawo Shiva kumapiri a chisanu, asanamwalire. Amuna awo anawalonjeza, koma anadwala chifuwa, nalowa m'chipatala, natulukamo atanyamulidwa. Mwana wawo Devendra, wokonza mafani ndi mawailesi, chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Mawondo atayamba kuvuta, a Phoolmati anasiya kusita za anthu, ndipo za Kedarnath anasiyanso kuzitchula.

Ndiye mmawa wina, kutentha kutafika poipa, Rachna mkazi wa Devendra anawabweretsera tiyi wa shuga wokwanira bwino, nawauza kuti awapezera malo m'basi ya a Tiwari yopita ku Kedarnath. Anawayalira pamiyendo nsalu yofunda yaubweya, yatsopano. A Phoolmati anayang'ana nsaluyo, anayang'ana tiyi. Mpongozi ameneyu zaka zonsezi ankawamana shuga ponena kuti ndi lamulo la adokotala. Anathokoza ndi pakamwa pokha, ndipo tiyiyo anayamba amununkhiza asanamwe.

Masana anapita kwa anzawo a Kanti, ogulitsa zibangili, kukawaonetsa nsaluyo. A Kanti anaisisita, napukusa mutu.

"A Ramkali aja anawaguliranso yotere. Mwana wawo anawakhazika pamasitepe a mtsinje ku Haridwar, akuti dikirani pompano ndikagule maluwa. Mpaka lero akugulabe maluwa."

Nkhani ya a Ramkali ankaidziwa aliyense m'derali, ngakhale panalibe amene anaiona ndi maso. A Phoolmati anaikapo zawo: chipinda chawo chinali chapansi, choyang'ana kumsewu, ndipo Rachna ananenapo kale kuti chikanakhala sitolo yabwino. Basi ya a Tiwari inkadutsanso ku Haridwar komweko.

A Tiwari anali ndi sitolo ya maswiti, ndipo chaka ndi chaka ankasonkhanitsa anthu a m'derali n'kubwereka basi ya kumapiri. Masiku amenewo m'sitolomo munkadzaza apaulendo. Wina ankalimbirana mpando wakutsogolo ati amasanza pamakona, wina ankafunsa ngati wophika wa pa ulendowo ndi wa mtundu woyenera, ndipo a Tiwari ankauza aliyense kuti akayezetse magazi kwa dokotala, atenge masokosi aubweya, asatenge sutikesi ngati akupita ku ukwati. A Phoolmati anadikira kuti anthu achepe.

"A Tiwari, mpando wangawu ndi wongopita, kapena ndi wobwereranso?"

"Mayi, basi yanga sinasiyepo munthu. Chaka chatha tinaiwala poto wa mpunga ku Rishikesh, tinachita kubwerera."

"Sindine poto ine. Mwana wanga wakuuzani chiyani?"

A Tiwari analumbira kuti Devendra sanamuone n'komwe, anabwera ndi Rachna yekha. Koma pofuna kudziyeretsa anaulula zambiri. Anati iwo analangiza kuti munthu wamkulu ngati ameneyu apite pa ulendo wachiwiri, mvula ikatha, anthu atachepa m'njira. Rachna anakana. Anati ukhale ulendo uno basi, ndipo a Tiwari atati basi yadzaza, analira m'sitolo momwemo mpaka anamupatsa mpando wa mlamu wawo.

A Phoolmati anabwerera kunyumba. Kuyambira tsikulo anakhala tcheru. Devendra ndi Rachna ankanong'onezana, iwo akalowa n'kukhala chete. Devendra, amene kale ankakhala nawo pakhonde madzulo kumvera madandaulo awo, tsopano ankawazemba maso. Tsiku lina akuchokera kukachisi anapeza Rachna akuyeza khomo la chipinda chawo ndi chingwe. Atawaona anabisa chingwecho kumbuyo, nati amachotsa kangaude.

Anakonzeka ngati wopita kunkhondo. Ndolo zawo zagolide anazisokera mumpendero wa siketi yamkati. Anapangana ndi a Kanti kuti basi ikabwera iwo mulibe, apite kupolisi. Anaganiza zongokana ulendowo, koma ku Kedarnath ankakufunabe, ndipo zinkawapweteka kuti chinthu chimene anachipempha moyo wonse chabwera ngati nyambo.

Kutatsala pang'ono kunyamuka, anamupeza Rachna kukhitchini akukanda ufa wa chapati. Anatseka chitseko, nakhala pakampando.

"Iwe, ndiuze pano ndili moyo. Mukanditaya kuti, ku Haridwar kapena kumtunda? Ndidziwe zovala zotenga."

Rachna anasiya ufa. Poyamba anakwiya, nati zaka zonsezi akuwaphikira ndi kuwapaka mafuta m'mawondo, malipiro ake n'kumuyesa mfiti. A Phoolmati anamukumbutsa za chingwe. Pamenepo mkaziyo anakhala pansi, manja ali mbuu ndi ufa.

"Amma, mwana wanu akudwala mtima. Akamuchita opareshoni ku Kanpur sabata imene inu mudzakhale kumapiri. Akabwera sadzatha kukwera masitepe, ndiye ndimayeza ngati bedi lathu lingalowe m'chipinda mwanu. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Akuti mukamva za chipatala mufa inu iye asanafe."

A Phoolmati sanalire. Anafunsa dzina la matendawo, anafunsa kuti anayamba liti, kenako anafunsanso zomwezo mwa njira ina kuti aone ngati mayankho asinthe. Sanasinthe. Anakumbuka kuti Devendra anasiya kalekale kukwera padenga kukadyetsa nkhunda zake, ndipo iwo ankati ndi ulesi.

A Phoolmati anati sapita. Rachna anawagwira mapazi mowachonderera, nati akatsala Devendra adziwa kuti waulula, ndipo munthu wa mtima safunika kukwiya. Kenako a Phoolmati anati apita, popeza tsopano ali ndi chokanena kwa Shiva, koma bokosi la zovala zawo lisasunthidwe pamene lili m'chipindamo.

Tsiku lonyamuka basi inaima pakhomo pa a Tiwari itavekedwa maluwa achikasu, anthu akuimba, wophika akukweza mapoto padenga. Devendra anawerama kuti agwire mapazi a amayi ake, monga mwa mwambo wotsazikana. Iwo anamuwutsa msanga, namukalipira kuti malaya ake ndi osasita bwino. Sanamuuze kuti akudziwa. Anamuyang'ana pawindo mpaka basi inakhota.

Ulendo unali wautali. Pa Haridwar anakana kutsika mpaka ataona dalaivala watsika. Kumene msewu umathera anawakweza pa nyulu, ndipo njira yonse ankakangana ndi mwini nyuluyo kuti akuiyendetsa dala m'mphepete mwa phompho. Kumtunda mpweya unali wochepa, mzere wa anthu wautali, ndipo m'kachisimo anangowalola kanthawi kochepa. Zimene ananena mmenemo sanauzepo munthu.

Uthenga unawapeza pobwerera, basi itaima pamalo omwera tiyi. A Tiwari anabwera ndi foni akumwetulira, nati Rachna akuti zonse zayenda bwino. A Phoolmati anati mawu a Rachna si umboni, amupatse mwini wake. Panapita kanthawi, kenako anamva mawu ofooka akuti, "Amma." Anamufunsa dzina la galu amene anali naye ali mwana. Atayankha molondola, anabweza foniyo, napita kuseri kwa basi, nakhala kumeneko mpaka tiyi wawo anazizira.

Devendra anachira. Anagona m'chipinda chapansi mpaka nyengo yozizira, amayi ake akugona pamphasa pambali pake n'kumayang'anitsitsa mankhwala alionse amene Rachna ankabweretsa. Devendra atayambanso kukwera masitepe, a Phoolmati anatulutsa okha zovala zake. Masiku ano anthu a m'derali akafuna kupita kumapiri amayamba adzawafunsa iwo, ndipo amawauza kuti a Tiwari ndi munthu wabwino ndithu, koma wophika wawo amabisa mafuta.