Mutu wa nsomba uja tinapatsa a malume

Magaye, khalani pansi kaye, mafoni mutembenuze. Iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi anga.

Ndinali ndi zaka leveni, tikukhala pafulati ku Ilford, kudziko la azungu. A malume, achimwene awo a mayi, anabwera kuchokera ku Balaka kudzationa. Anali telala ndithu, wa masuti. Atangofika anasoka makatani onse a mufulati ndi manja, ulusi akulowetsa pasingano kamodzi kokha, opanda magalasi.

Ndiye ine pakamwa panga mukupadziwa. Lachinayi lina a malume ananena mawu achizungu mopotoka, ine ndikuwakonza pamaso pa alendo a kutchalitchi. Anthu anaseka. Alendo atapita, mayi anandikokera kukhitchini, mbama phaa!

"Akulu sumawakonza. Ukamva kanthu, uzimeza. Wamva?"

Ndinamva.

Loweruka mayi asanapite kushifiti, paja ndi nesi, anati ndiwaperekeze a malume kukagula nsomba, ine ndikhale womasulira. Mushopu muja a malume anadutsa karapao yense, maso ali pa chinsomba china chogona pa ayisi. Pakapepala analemba kuti trevally. Tangoganizani karapao koma wamkulu ngati mwana wa chaka, wasiliva, chipumi chotsetsereka, mchira wamphanda, mamba a kumchira olimba ngati mano a sowo.

"Iyi ndiye nsomba," anatero a malume. "Taona mutuwo, Chiso."

Wogulitsa anali mdala wina wochokera kuzilumba za kunyanja yamchere. Akukulunga, anandiyang'ana ine n'kundiuza pachizungu kuti kwawo ikakula chonchi, mutu, mazira ndi zam'mimba amataya, chifukwa nthawi zina mumakhala poizoni. Anafunsa ngati adule mutuwo.

"Akuti chiyani?" a malume anafunsa.

Magaye, tsaya linali likadawawa. Ndiwauze a malume kuti asankha molakwa, pagulu, mushopu? Ndiponso mutu wa nsomba amataya ndani?

"Akuti ndi yabwino," ndinatero. Kwa mdala uja ndinangopukusa mutu kuti asadule.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi mayi anaiphika ndi tomato. Inkanunkhira bwino, palibe chokayikitsa. Ndipo mukudziwa kwathu, mutu ndi wa mlendo wolemekezeka. Mayi anagwada, kuwaikira a malume mutu wonse ndi mazira omwe. Ine ndinkangoyang'ana akuyamwa maso, akuswa chigaza, akunyambita zala.

"Chemwali, chambo chikhale pansi," anatero. Mayi anasangalala bwanji.

Dzuwa lisanalowe tonse tinali pamzere wa kutoileti. Ife tinadya mnofu pang'ono, zinatha msanga. A malume ayi. Anati milomo yachita dzanzi, mano ngati akugwedera. Mayi anawapatsa madzi a mufiliji, iwo kuponya kapu pansi.

"Mwandipatsa owira! Mukufuna kundiwotcha?"

Madzi ozizira, magaye. Anagwira chitsulo cha pachitseko n'kukuwa kuti chikutentha. Mayi anawagwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima, nkhope yawo inasintha, n'kuimbira ambulansi.

Kuchipatala adokotala anati ndi poizoni wa nsomba zazikulu za m'matanthwe a m'nyanja zotentha. Zimadya tinsomba tapoizoni, ndiye poizoniyo amaunjikana, makamaka m'mutu ndi m'mazira. Sanunkha, ndipo ngakhale uwiritse tsiku lonse sachoka. Ine ndinali pampando wapulasitiki pakona, ndikumva zonse. Mayi ananditembenukira.

"Kushopu sananene kanthu?"

"Ayi."

A malume sanamwalire. Koma zala sizinabwerere msanga. Miyezi inadutsa akudzikanda mpaka magazi. Tsiku lina ndinawapeza pawindo, singano m'dzanja, ulusi ukuphonya, ukuphonyanso. Anandipatsa.

"Tandilowetsera, mwana wanga. Sindikuimva singanoyi."

Atabwerera ku Balaka makasitomala anali atapita kwina, zala zikadali zadzanzi. Makina anagulitsa. Pano amakhala pakhonde la mwana wawo, kugulitsa matumba a makala.

Mayi mpaka lero sagula nsomba ya kunyanja yamchere, ngakhale karapao. Amati, "Nesi wathunthu ine, ndinamugwadira mchimwene wanga n'kumupatsa poizoni ndi manja angawa." Zaka teni akunena zimenezo, ine ndili pompo, ndikutsuka mbale.

Ndawerenga zonse za nsombazi pafoni, mavidiyo ndaonera mpaka batire kutha. Ndikudziwa, mwina ena amadya mutu osadwala. Ndinali mwana, ndikudziwanso. Koma pano ndikuona kuti tsiku lija sikunali kulemekeza a malume. Ndinkangoteteza tsaya langa. Ulemu weniweni ukanakhala kunena, mbama ibwere.

Lamulungu lililonse a malume amaimba pavidiyo, amayamba ndi kufunsa za ine. "Womasulira wanga ali kuti?"

Mawa ndi Lamulungu, mayi adzandipatsa foni. Inuyo mukanakhala ine, mukanawauza?