Mbewu yanga inapita ku mpira

"Kodi anzanga, nyemba mwandandalika m'mabotolo pakhondezi n'zogulitsa kapena n'zamankhwala?"

Anandifunsa choncho mayi woyandikana nafe, ine ndikuchapa matewera. Ndinawayankha kuti n'za mpira. Anandiyang'ana, anayang'ananso mabotolo, n'kungoti yewo, ulendo wa kumjigo.

Sindinaname ayi. Inali mbewu yanga, nyemba zofiira zimene mayi anandipatsa kwathu ku Wenya pobwera kubanja kuno ku Chisenga. Chaka chilichonse ndinkapatula zodzala, n'kuzisakaniza ndi phulusa mumtsuko kuti zisafumbwe, n'kumata pakamwa pake. Mtsukowo sunkatsegulidwa mpaka mvula itagwa.

Amene anautsegula ndi bambo a mwana. Iwowa ndi amene amaphunzitsa timu ya mpira ya m'mudzi muno, ngakhale palibe anawasankha. Tsiku lina atapita kukagulitsa nthochi kuchipata cha m'malire, bambo wina wa yunifolomu wochokera kumwera anawaonetsa pafoni mpira wa ophunzira a m'makoleji akunja, mpira wake wonga papaya, woponya ndi manja. Malamulo ake sanawamve. Chimene anatolapo n'choti kumeneko munthu wofunika ndi woponya, ndipo oponyawo amawayerekeza ndi mizere yoimirira. Wa mzere wautali ndiye katswiri.

Anabwerera kunyumba nthochi zina zikadali panjinga. Anati vuto la timu yathu alipeza, sitimudziwa woponya wathu. Ndinawakumbutsa kuti mpira wakuno umaponyedwa pokhapokha ukatuluka m'bwalo, kawirikawiri ukagwera m'munda wa mawere. Iwo anati n'chifukwa chake sititukuka.

Oponya analipo awiri, wamtali wometa anthu tsitsi ndi wamfupi woweta ng'ombe. Bolodi ndi choko panalibe, ndiye mizere yawo inakhala mabotolo a mafuta ophikira, odulidwa pakhosi. Woponya akafikitsa mpira kwa mnzake, nyemba imodzi m'botolo lake. Koma nyemba imodzi sioneka patali, choncho posakhalitsa inasanduka dzanja lodzaza. Anandilonjeza kuti angobwereka, masewero a chaka chino akatha zonse zibwerera mumtsuko.

Chimene chinawasowetsa mtendere ndi phulusa. Linkadetsa mabotolo, mzere osaoneka bwino. Ndinawapeza akupeta mbewu yanga m'lichero, kenako n'kumaipukuta ndi kansalu ka mwana.

"Bambo a mwana, phulusalo ndiye mlonda wake," ndinatero.

"Mayi, masamu safuna fumbi."

Ndinawaleka. Mwana anali akumera mano, ndinalibe mphamvu zolimbana ndi anthu awiri.

Mabotolo anayamba kuswana. Panali la kuponya patali, la kuponya pafupi, la kuponya kukuwomba mphepo ya ku mapiri a Mafinga, ndi lina la kuponya munthu atangodya kumene. Mumtsuko munatsala phulusa lokha. Kubwalo nako zinthu zinasintha. Osewera anasiya kufuna zigoli, ankangomenyetsa mpira pamiyendo ya anzawo a timu ina kuti utuluke, kenako awiri aja n'kumalimbirana kuti aponye ndani. Tinkagonja ndithu, koma bambo a mwana ankabwera akuimba mluzu kuti lero taponya kuposa alendo.

Kenako botolo la wamfupi linayamba kukwera lokha, ngakhale sabata imene mwini wake anagona ndi malungo. Bambo a mwana anati akatswiri enieni amatero. Ine ndinaona nyemba zamawangamawanga pakati pa zofiira zanga, ndipo kochokera kwake ndinakudziwa. Mayi ake a wamfupiyo ankadutsa pakhonde pathu popita kuchigayo, atamanga kanthu kunsonga ya chitenje. Nditawafunsa sanakane. Anati mwana wawo sangachite manyazi chifukwa cha nyemba pomwe kwawo zangoti mbwee. Zinali za chaka chatha, zobooka kale.

Ndinapempha kuti ndisankhe zanga ndizibwezere m'phulusa kusanade. Bambo a mwana anati kukhudza mabotolo masewero asanathe n'kubera, ndipo iwo safuna mbiri yoipa.

Anankafumbwe sanadikire kuti masewero athe. Anayamba ndi botolo la wamfupi. Bambo a mwana akaligwedeza kuti mzere uwongoke, nyemba zobooka zinkaphwanyika, pansi n'kudzaza ufa, mzere n'kutsika. Anamuitana mwini botolo n'kumuuza kuti akulowa pansi, achepetse mowa. Munthuyo sankamwa n'komwe, koma anavomera kuti achepetsa. Pasanapite nthawi wamtali naye anayamba kutsika, pakuti mabotolo anali oyasama ndiponso ogundana. Ameneyo anauzidwa kuti lumo likumufooketsa mkono.

Masewero anatha mvula yoyamba itagwa kale. Timu yonse inasonkhana pakhonde pathu kudzamva zotsatira. Bambo a mwana anagwada, anatsinzina diso limodzi, anayeza ndi kamtengo. Mizere yonse inali pansi, yofanana. Analengeza kuti awiriwa ndi olingana, ndipo kuyambira tsopano azisinthana kuponya. Ndi mmene ankachitira kale. Anthu anawomba m'manja.

Lonjezo analisunga, zimenezo sindingawanamizire. Anakhuthulira mabotolo onse mumtsuko, tizilombo tikuuluka, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndingakonde kuti abwezeremonso phulusa.

Ndinatapako pang'ono n'kuthira m'beseni la madzi kuti ndione zamoyo. Zonse zinayandama. M'mawa mwake ndinabereka mwana kumsana, ulendo wapansi mpaka ku Wenya kukapempha mbewu ina, koma ndinapeza mayi atadzala kale zawo zonse, zina zitamera.

Chaka chimenecho tinataya mtsuko wathunthu wa mbewu, munda wa nyemba umene unangomera udzu, kansalu ka mwana, ndi masewero onse kupatula amodzi amene alendo sanabwere.