Mpando wa Pakati pa Ine ndi Apongozi

Mwana wanga wamkazi anandiitanitsa ku Scarborough, ku Canada, kuti ndidzamuthandize pa uchembere, ndipo khandalo linayamba kukwawa ine ndikadali komweko. Iye amagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwamuna wake ndi mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yapafupi, ndipo ameneyo ndiye apongozi anga.

Kwathu ku Dowa munthu ndi apongozi ake sakhalirana pafupi, sadyera pamodzi, sapenyana m'maso. Ukawaona akubwera panjira umapatukira kutchire. Nanga ku Scarborough tchire lake liti? Nyumba yake yosanjikidwa pamwamba pa nyumba za ena, kanjira kopita kubafa kopapatiza koti anthu awiri sangapatukirane. Komabe tinkayesetsa. Iwo asanatuluke kuchipinda ankatsokomola kaye, ine n'kuthawira kukhitchini. Tikafuna kulankhulana tinkadzera mwa mwana wangayo.

"Uwauze bambo a mwana kuti madzi a tiyi awira."

Iwo ali chapomwepo, maso kukhoma: "Muwauze mayi kuti ndathokoza."

"Kodi anthu inu munandigula kuti ndikhale foni yanu?" amatero mwana wanga, koma uthenga n'kufikitsa ndithu.

Pa bwalo la ndege anandilanda mfutso wanga ndi usipa womwe. Chimene sanandilande ndi ulemu umenewu, ndipo ndinalumbira kuti ndidzabwerera nawo kumudzi wosang'ambika.

Tsono apongoziwo anagwidwa ndi matenda otchedwa bezibo, masewera a kumeneko oponya ndi kumenya kampira. Kwathu anali munthu wabwinobwino, wokonda mpira wamiyendo. Koma akuti kusukuluko, nthawi ya nkhomaliro, aphunzitsi anzawo sankakamba china koma beziboyo, iwo n'kumangotafuna buledi ngati mlendo wa pamaliro. Ndiye anayamba kuiphunzira ngati akukalemba mayeso. Anagula chipewa, anagula malaya okhala ndi dzina la mwamuna wina kumsana. Madzulo amatha kukhala pa kanema atagwira chibwano.

"Chaka chino ife vuto lathu ndi oponya."

"Ife ndani?" anafunsa mkazi wawo. "Inu a ku Dedza mwayamba liti kuponya?"

Sukulu itatsala pang'ono kutsekera, ahedi awo, mayi wachizungu wamtali woseka ndi mano onse, anakonza zoti aphunzitsi akaonere masewerowo pamodzi ndi mabanja awo Loweruka masana. Ine ndinakana. Apongozi anatumiza mawu akuti ahedi afunsa za ine ndi pakamwa pawo, ndipo munthu amene ntchito yake amachita kuisainira chaka ndi chaka sakana zimene ahedi afunsa. Mwana wanga anati, "Mami, musadandaule, pakati ndikhala ine." Khanda tinalisiya kwa mayi wa ku Chipata wa khomo loyandikana nalo, tinakwera basi, kenako sitima yapansi panthaka.

Bwalo lake ndi lalikulu moti mudzi wathu ungalowemo ndi madimba omwe, ndipo denga amachita kulivundukula ngati chivundikiro cha poto. Ndinaganiza kuti masewera a m'malo otero ndi oopsa. Ha! Amuna akuluakulu, ena mimba zili patsogolo, atavala mathalauza oyera ngati akupita ku ubatizo, angoima. Wina aponya kampira, wina afuna kukamenya ndi ndodo yonga munsi, aphonya. Aphonyanso. Akaphonya kachitatu amapita kukakhala pansi osachita manyazi, anzake n'kumusisita paphewa. Ena aja ali kutali uko akungolavula ndi kukanda m'khosi. Ife fulaye tinkasewera ndi mpira wansanza, thukuta kamukamu, ndipo palibe anatipatsa ngakhale chinangwa. Awa akuti amalandira ndalama zogulira boma lonse la Dowa.

Anthu oonerawo ndiye anabwerera kudya. Dzuwa litapendeka pang'ono mwana wanga naye anati akagule masoseji a m'buledi amene ena ankadya.

"Usachoke," ndinamugwira siketi.

"Mami, ndi pompano apa."

Mzere wake ndinauona ine polowa, unali ngati wa feteleza wotsika mtengo. Atangonyamuka ndinaika chikwama changa pa mpando wapakatiwo kuti chigwire ntchito yake.

Posakhalitsa ahedi anatulukira, akupereka moni kwa aphunzitsi awo mzere ndi mzere. Atafika pa ife anandigwira manja onse awiri, n'kulankhula zambirimbiri, kenako ananyamula chikwama chija n'kundiika pamiyendo, akuloza mpando wapakati. Ankafuna ine ndisendere kuti iwo akhale pa wanga, wa m'mphepete. Apongozi anauma. Kuwakaniza abwana awo sakanatha, kundiuza ine sakanathanso. Anavula chipewa n'kuyamba kulankhula nacho.

"Pakanakhala munthu, akanawauza mayi kuti ahedi akupempha kuti asendere kuno."

Ine ndinayang'ana chikwama changa. "Munthuyo akanawauza bambo kuti ndamva, koma mlandu si wanga."

Ndinasendera. Ndinakhalira thako limodzi, nkhope nditalozetsa kwa ahedi, amene anayesa kuti ndawakonda kwambiri n'kuyamba kundifotokozera masewerowo ndi manja. Ine ndinkangoti "yesi, yesi." Chigongono cha apongozi chinali pafupi moti kutentha kwake ndinkakumva. Iwonso anadzipinda ngati munthu wokwera minibasi yodzaza, akupuma mobisa.

Timu yawo inali kumbuyo. Kenako panabwera kamnyamata kena kakafupi, kamene kanali kataphonya masana onse. Aka kanamenya. Kulira kwake ngati nkhwangwa pa mtengo wouma, kampira n'kuuluka mpaka kukagwera mwa anthu kutsidya. Bwalo lonse linaimirira ndi mfuu. Ahedi anandidzutsa n'kundiwomba m'manja mpaka chikhato kuchita dzanzi. Apongozi analumpha, anakumbatira mphunzitsi wakutsogolo, anakumbatira wakumbuyo, anatembenuka maso ali otseka, n'kukumbatira ine. Sanangokumbatira. Anandinyamula. Mapazi anga anasiya pansi, duku linagwera pamphuno, ndipo m'khutu mwangamu munthu wophunzitsa ana a eni ankakuwa kuti, "Yapita! Yapita kumanda!"

Nditakankha duku ndinaona chikanema chachikulu cha m'bwalomo, chachitali ngati tchalitchi. Munali gogo wina ali m'malere, miyendo ikupalasa, atamunyamula mwamuna wa malaya a eni. Ndinayamba kumumvera chisoni gogoyo ndisanazindikire chitenje.

Apongozi anatsegula maso. Ananditsitsa pang'onopang'ono ngati mtsuko wobwereka. Ahedi ankapukuta misozi, akunena mawu amene mwana wanga anadzandimasulira pambuyo pake, akuti sanaonepo mkamwini wokondana ndi apongozi ake chotere, ndipo adzawauza aphunzitsi onse atengerepo chitsanzo. Mwana wangayo anali ataima pamasitepe, masoseji ali m'manja, akuseka mpaka kukhala pansi. Tisanatuluke n'komwe foni yake inalira. Anali mayi wa ku Chipata uja, mawu ali pamwamba: "Nabaona amai pa TV! Ni apongozi baja banabanyamula? Natumiza kudala ku gulu ya ku chechi!"

Titafika kunyumba apongozi sanapitirire pakhomo. Ananjuta pomwepo pa nsapato, n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Muwauze mayi kuti..."

"Ayi," anatero mkazi wawo. "Mwanyamulana pamaso pa Canada yense. Muuzane nokha." Anatuluka kukatenga khanda, chitseko n'kutseka.

Tinakhala. Firiji yokha ndiyo inkalira. Ndinadikira kuti mwina mwanayo abwera msanga, koma ndinamva kuseka kwake kuseri kwa khoma, akuyambiranso nkhaniyo pachiyambi. Mlandu sugona pakhomo, ndipo wamkulu m'nyumbamo ndinali ine. Ndinayang'ana munthuyo kumaso, koyamba chikwatirire mwana wanga. Ali ndi kachipsera pachipumi, sindinkadziwa.

"Nkhuku," ndinatero.

"Mayi, ndikagula pompano. Pasitolo apa pali zowotcha kale."

"Yamoyo. Yoti ndiimve kulira."

Anafunsa kusukulu, anafunsa kutchalitchi, anthu akuwayang'ana ngati akufuna nyanga. Pomaliza anamva za mlimi wina kupitirira ku Hamilton, amene amapezeka Loweruka lokha masana, nthawi yomwe timu yawo imasewera. Anapita ndithu. Ine ndinatsala ndi khanda, ndipo poti kanema anali chiyatsire, ndinaonera, kungoti ndione ngati aonetsenso gogo wina.

Anabwera dzuwa likulowa, katoni yoboolaboola ili m'manja, nthenga zili pamalaya. Ananjuta n'kuiika pamapazi anga, tambala n'kulira momwemo. Ndinati mlandu watha. Iwo sanadzuke. Anayang'ana pansi, anayang'ana kanema wozimitsa.

"Mayi... kaya munaonako?"

"Aluza," ndinawauza. "Anthu amatuluka mitu ili pansi. Ndipo woponya wandevu uja musamamudalire, ndi waulesi."