Tinathamanga Achemwali Atapita

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chimanga chathu chinapserera m'munda chisanamasule. Ana anga ndinawasiya m'manja mwa achemwali anga, a Nagama, kwathu ku Kasinje. Pondikweza basi anangoti, "Pita, Esinati. Anawa ndi anga."

Ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, ndipo sabata inkatha osalankhulako Chichewa ndi munthu. Abwana angawo anawachotsa bere limodzi chifukwa cha khansa, koma anali athanzi, galimoto ankayendetsa okha. Chaka ndi chaka ankanditenga ku mpikisano wothamanga wothandiza odwala matendawa. Ndinkavala malaya apinki, kuthamanga pakati pa anthu osawadziwa, kenako n'kutumiza zithunzi kumudzi. Achemwali ankayankha kuti, "Koma wanenepa, mng'ono wanga." Za iwo okha sankanenapo kanthu.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndikuyesa zikuthera ku feteleza ndi kusukulu. Pano ndikudziwa kuti zina zinkathera kwa asing'anga.

Amene anaulula ndi mwana wanga woyamba. "Amayi, bwerani. Amayi aakulu sakutulukanso m'nyumba."

Chinandilonjera pakhomo ndi fungo. Ndinawapeza ali gone pamphasa, pachifuwa atakulunga chitenje chonyowa.

"Bwanji simunandiuze, achemwali?"

"Ukanasiya ntchito. Komanso alamu ako ananeneratu kuti mkazi wa bere limodzi iwo sangakhale naye."

Kuchipatala chathu anatitumiza ku boma, a ku boma anatitumiza ku Blantyre. Dokotala wa kumeneko anandiitanira panja n'kundiuza kuti tachedwa. Pobwerera m'minibasi anthu ankatsegula mawindo, achemwali atazyolika.

Ndipamene ndinakambirana ndi amayi akutchalitchi kuti nafenso tichite mpikisano pa Sharpevale, tipeze zoyendera za odwala opita kutali. Achemwali atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ukandithamangireko, ine miyendo yakana." Tinawaika m'manda tsiku la mpikisano lisanafike. Alamu anali atasamukira kale kwa mkazi wina.

Tinathamangabe. Malaya apinki panalibe, tinang'amba nsalu n'kumanga m'mikono. Ambiri tinali opanda nsapato, dzuwa likuswa mtengo, fumbi mpaka m'kamwa. Azibambo a pabawo ankatikuwiza kuti, "Akukuthamangitsani ndani, amayi inu?" Anyamata a kabaza ndiwo anatichotsera anthu m'njira, enanso anaponyako kangachepe m'mbale. Zimene tinatolera zinali zochepa, moti ndinachita manyazi kuzilengeza.

Ndikupuma pamthunzi, mayi wina wogulitsa tomato anandikoka dzanja mpaka kuseri kwa chigayo. Anamasula bulauzi.

"Inu mwakhalako kunja, mukudziwa. Tagwirani apa."

"Ine si namwino, amayi."

"Tangogwirani."

Ndinagwira. Panali polimba ngati mwala, khungu litakwinyika. Ndinawafunsa ngati kunyumba akudziwa, iwo anapukusa mutu.

Nditacheuka ndinaona amayi ena atatsamira khoma la chigayo, akudikira. Pakati pawo panali Lonesi, mnzanga amene tinkatungira limodzi madzi tili atsikana, mwana ali kumsana. Zaka zonse zija ndinkayesa matendawa ndi a azungu a ku Joni, kenako ndinayesa alowa nyumba yathu yokha. Lonesi sanandiyang'ane kumaso. Anatsitsa mwana pansi n'kuyamba kumasula mabatani.