Anapiye Anakanirira m'Mazira

Linali Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Julayi, nthawi ili 2 koloko masana, pamene ndinagwada patsogolo pa makina oswetsera mazira m'nyumba mwathu ku Mchengautuwa n'kuona kuti zinthu zalakwika. Pagalasi la chitseko ndinkaona anapiye ochepa atatuluka kale, akuuma nthenga. Koma mazira ambiri anali ndi kabowo kamodzi kokha, kamlomo katasuzumira kunja, kakutsegula ndi kutseka. Ena anaboola dzulo lake, ndipo bowolo silinakule ngakhale pang'ono. Ankalira, koma kulirako kunkanka kuchepa.

Ntchitoyi inali yanga yoyamba. Ndinabwera ku Mzuzu kuchokera ku Ntchisi kutsatira mwamuna wanga, amene amathandizira dalaivala wa lole ndipo amatha masabata osagona pakhomo. Sukulu ndinalekezera sitandade 5. Ndinayesapo kugulitsa tomato pamsewu, koma ndine munthu wamanyazi. Kuitanira malonda mawu sankatuluka, ndipo wogula akangoti "chotsaniko," ine ndinkangochotsa. Mwana wanga Tadala anali wakhanda, wodwaladwala chifuwa, ndipo mphepo yapamsewu sinkamuyanja.

Mayi NyaMhango a ku Lupaso timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Amagulitsa anapiye a Mikolongwe, ndipo makina awo ena amaika m'nyumba za amayi amene sachoka pakhomo. Tsiku lina tikutuluka m'mapemphero anandigwira dzanja.

"Ine ndikufuna munthu wosayendayenda, wosalongolola," anatero. "Inu amake Tadala mwakwana."

Makinawo ndi bokosi lalikulu ngati kabati ya mbale. Muli mababu otenthetsa, kafani, chopimira kutentha, ndi mbale ya madzi pansi yoti mpweya usaume. Kutentha kumayenera kukhala 37 ndi theka. Dzira lililonse ndinalilemba ndi pensulo, X mbali ina, O mbali inayo, kuti ndisasokoneze potembenuza. Ndinkatembenuza katatu pa tsiku, manja osamba, osadzola mafuta. Patatha sabata tinaunika mazirawo ndi tochi m'chipinda chamdima. Dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude, ndipo lopanda kanthu timachotsa. Masiku atatu omaliza umasiya kutembenuza, umadzaza madzi m'mbale muja, n'kutseka chitseko.

"Masiku omalizawa chitseko osatsegula, yayi," anandiuza Mayi NyaMhango. "Magetsi akazima, fundikani bulangeti basi. Ndipo mwanapiye osamuthandiza. Wolephera kutuluka yekha ngolepheranso kukhala ndi moyo. Ulendo uno ndi wokuyesani. Mukaononga, makinawa apita ku Geisha, kuli mayi wina akudikira."

Ndinaikonda ntchitoyo. Sinkafuna kuti ndikuwe kapena kukangana ndi munthu. Tadala ankagona pamphasa pambali panga, m'nyumba motentha, ndipo chifuwa chija chinayamba kuchepa. Sindinkafuna kubwerera kumsewu.

Lachitatu, kutatsala tsiku limodzi kuti aswe, magetsi anazima m'mawa. Kunja kunali kamvula kaja kowaza ka mwezi wa Julayi. Ndinafundika makina mabulangeti onse a m'nyumba, koma chopimira chija chinkangotsika. Apa ndi pamene analowa mayi NyaKaunda, eni nyumba yomwe timachita lendi, amene amakhala pabwalo lomwelo. Ndi mayi amawu akuluakulu, koma si oipa mtima. Tadala atadwala kwambiri, ndi iwo anandiperekeza kuchipatala. Analowa atanyamula mbaula yoyaka bwino.

"Iwe mChewa wanga, ukufuna mazira a eni ake afe ndi chisanu? Kwazizira chomene lero. Tsegula apo moto ulowe!"

"Mama, anati tisatsegule," ndinayankha chapansipansi.

"Anati ndani? Ine nkhuku ndinayamba kuweta iwe usanamere mano."

Anatsegula okha, n'kukhazika mbaula pafupi ndi chitseko. Ine ndinangoima, manja kumbuyo. Kutentha kunakweradi, ndipo iwo anaseka n'kundimenya paphewa. Mbaulayo inakhala pomwepo mpaka magetsi atayaka madzulo. Potseka chitseko ndinaona kuti mbale ya madzi yauma gwa. Ndinathiramo ena, koma mazira amene anali ataboola kale anali atakhala tsiku lonse akuwombedwa ndi mpweya wouma wamakala.

Ndiye Lachinayi lija, nditagwada pagalasi, ndinadziwa chimene chachitika. Mkati mwa chigoba muli kachikopa kopyapyala. Kakauma kamamata mwanapiye ngati guluu, ndipo sangathe kuzungulira kuti aswe chigobacho. Ndinaimbira Mayi NyaMhango kangapo, koma foni yawo inali yozima. Anali kumaliro ku Ekwendeni.

"Mwatandala uli muno? Ana athu aswa?" Anali a NyaKaunda. Anawerama pagalasi n'kupukusa mutu. "Awa atopa. Kwathu timangosenda ngati dzira lowiritsa. Taona."

Ndisanayankhe, anali atatsegula n'kutenga dzira limodzi, lomwe linali litangoboola m'mawa womwewo. Anayamba kusenda ndi chala chachikulu. Magazi anatuluka, ofiira, ambiri kuposa mmene ndinkaganizira kuti dzira lingasunge. Kamwanapiye kanagwera m'dzanja lawo, chachikasu chadzira chikulendewera pamimba, chisanalowe. Kanaphupha pang'ono, kenako kanangoti zii.

"Aka kanali kofooka kale," anatero, akupukutira chala kuchitenje. "Bweretsa lina."

Sindidziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinakankha chitseko cha makina n'kuchitsamira ndi msana.

"Ayi, mama."

"Wati?"

"Ndati ayi. Mazirawa si anu, si anganso."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "M'nyumba yanga yomwe undiuze ayi? Wakula, mChewa. Tiona." Anaika kamwanapiye kakufako patebulo n'kutuluka.

Ndinatsala ndekha ndi Tadala ndi kulira kuja. Ndikapanda kuchita kanthu, ndasunga lamulo, koma ambiri afera m'mazira. Ndikathandiza, ndaswa lamulo, ndipo mwina ndipha ena ngati kali patebuloka. Mbali zonse ziwiri ndinkaona makina akukwezedwa pa kabaza kupita ku Geisha.

Ndinakumbukira tsiku lobadwa Tadala. Ndinavutika nthawi yaitali, anamwino akungoti, "Dikirani mayi, nthawi sinakwane." Ndinkawada mumtima. Koma itafika nthawi ina anasiya kunena zodikira, anathamanga nane kokang'amba. Sanafulumire, koma sanandisiyenso. Ndinaganizanso kuti lamulo la Mayi NyaMhango linali la anapiye ofooka. Awa sanali ofooka. Tinawamanga ndife.

Ndinawiritsa madzi, ndinatseka mazenera, n'kuika beseni lofuka nthunzi pafupi ndi makina. Ndinanyowetsa thaulo m'madzi ofunda, ndinaliponya mkati msangamsanga n'kutseka. Kenako ndinadikira, ndipo kudikirako kunali kowawa kuposa zonse. Ndinayamwitsa mwana maso ali pagalasi. Patapita nthawi mazira ena anayamba kugwedezeka, ming'alu n'kuzungulira, ndipo anapiye angapo anatuluka okha. Limodzi linasiya kulira ndikuyang'ana. Mpaka lero sindidziwa ngati ndikanalipulumutsa ndikanafulumira.

Otsala anali aja anaboola dzulo, kachikopa kawo katada ngati pepala la shuga. Ndinasamba m'manja, ndinatenga limodzi, n'kulikulunga m'kansalu kofunda. Ndi chikhadabo ndinabenthula chigoba pang'onopang'ono kuzungulira bowo, kumbali yaikulu ya dzira, osakhudza kachikopa. Ndinaviika nthenga m'madzi ofunda n'kupaka, kupewa kamlomo kuti kasatsamwe. Kachikopa katanyowa kanayamba kuonekera mkati, ndipo ndinaona timitsempha tofiira tija ndinkationa ndi tochi. Ndinayang'ana kakufa kaja patebulo. Ndinabweza dziralo m'makina osapitiriza.

Dzira lachiwiri linalibe timitsempha, kachikopa kanali kotuwa kokhakokha. Ndinakang'amba pang'ono, ndinamasula mutu ndi phiko limodzi, n'kubweza kuti miyendo ikankhe yokha. Kanakankha, kanatuluka, mimba yotsekeka bwino. Ndinalira, Tadala naye n'kuyamba kulira. Ndinachita chimodzimodzi ndi ena, limodzi limodzi. Lina ndinalakwitsa, linatuluka kadontho ka magazi, ndipo ndinalileka pomwepo. Onse amene ndinawathandiza ndinawamanga ulusi wofiira kumwendo atauma, kuti mwini wake awadziwe.

Mayi NyaMhango anafika dzuwa likulowa, akadali ndi chitenje chakumaliro. Anaona mafoni anga aja ali m'minibasi. Anayang'ana m'makina, patebulo, kenako mbaula ili pakona.

"Iyi yadzatani muno?"

Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. Anatenga kamodzi ka ulusi wofiira n'kukatembenuza kuona pamimba.

"Anakuphunzitsani ndani zonyowetsazi?"

"Palibe, mama."

"Hmm." Anakabweza. "Awa a ulusi ena afa, muona. Ena apunduka. Sindikuti mwachita bwino, sindikutinso mwalakwa. Koma mazira anga sanaonongeke lero, anaonongeka dzulo pamene munaima phee munthu akutsegula chitseko. Ine ndinafuna munthu wosalongolola, osati wopanda pakamwa. Mawa ndibwera ndi kabaza. Ndikapeza simunawauze nokha mayi ajawo kuti makinawa sakhudzanso, ndinyamula. Ine sindikakuyankhulirani."

Ananena zoona. Ena a ulusi wofiira sanafike m'mawa, ndipo kamodzi kanakula ndi mwendo wokhota. Ena anakhala nkhuku ngati zinzawo. Kuyambira pamenepo ndaswetsa maulendo ambiri, ndipo amayi ena akandifunsa ngati mwanapiye amathandizidwa, ndimati kawirikawiri ayi. Woboola lero musiyeni, akupuma, akumaliza kulowetsa chachikasu chake. Ngati wagona tsiku lathunthu bowo osakula, kachikopa kada, nyowetsani muone. Pali magazi, bwezani. Koma chachikulu n'chakuti asafike pouma, ndipo zimenezo zimatheka ndi chitseko chotseka ndi munthu wotha kuima patsogolo pake.

M'mawa wa Lachisanu ndinachotsa akufa n'kuwakwirira kuseri kwa bafa. Amoyo ndinawaika m'katoni ya utuchi pansi pa babu, ndi madzi m'chivindikiro cha botolo. Kenako ndinabereka Tadala, ndinataya phulusa la m'mbaula, ndinaitsuka, n'kuinyamula kudutsa pabwalo. A NyaKaunda anali pakhonde akusesa, ndipo amayi awiri anyumba zina anali pampopi. Ndinafuna kudikira kuti achoke, koma ndinadziwa kuti ndikadikira sindinenanso.

"Mwawuka uli, mama?"

"Tawuka," anayankha osadzutsa mutu.

Ndinagwada, ndinaika mbaula pamapazi awo.

"Yewo chomene chifukwa cha moto. Ndikudziwa munkafuna kuthandiza. Kwathu muzibwera monga kale, Tadala ndi mdzukulu wanu. Koma makina aja musadzatsegulenso, ngakhale magetsi atazima sabata yonse."

Mawu anatuluka onse, mpaka apampopi anasiya kutunga. A NyaKaunda, tsache lili m'manja, anakankhira mbaula kukhoma ndi phazi. Ndinadzuka, ndinabwerera m'nyumba, ndinadzaza mbale ya madzi chifukwa munali mazira ochepa akugwedezekabe, ndinatseka chitseko, n'kukhala pansi patsogolo pake kudikira kabaza.