Mlonda wa mu Msana Wanga

Msana wanga unayamba kuwawa chaka chimene anamwalira abambo akunyumba, ndipo sunasiyenso. Kuchipatala anandijambula kawiri, akuti mafupa ali bwinobwino. Mapiritsi ndinkamwa theka, theka linalo n'kusunga, chifukwa wondipatsayo ankamwetulira kwambiri.

Kenako mwana wanga wamkazi, mphunzitsi ku Mzuzu, anabwera ndi chigamulo. "Ama, ikafika Khirisimasi musakutha kukwera chitunda chochokera kudoko, ndikutengani. Mukakhala kwa ine." Ku Mzuzu kozizira kuja, mumpanda wa njerwa, osaona n'komwe amene akudutsa! Ndinavomera kupita kulikonse kumene angandichize, bola ndisachoke panyumba panga.

Ananditengera kwa mayi wina wa uphungu amene amabwera Lachitatu pakachipatala kena. Analibe jakisoni ngakhale botolo, mipando iwiri basi.

"Agogo," anatero, "mwa munthu mumakhala mbali zingapo, ngati anthu a m'nyumba imodzi. Wina amaopa, wina amakalipa, wina amalondera. Tiyeni timve amene ali pamsanapo."

Ndinayang'ana kuchitseko. Pabenchi panja panali mkazi wa mkulu wa mpingo, wamakutu ngati malichero. Ndinanong'ona: "Mwanawe, ukunena vimbuza? Ine ndine wa mpingo, zovina mizimu ayi."

"Ayi agogo, palibe mzimu. Onsewo ndi inu nomwe."

"Ndiye kwaipiratu. Ine ndimadzidziwa."

Anandiuza kuti nditsinzine. Ndinatsinzina diso limodzi, linalo linali pachikwama. Patapita kanthawi ndinamuona ndithu m'maganizo: mlonda wachijasi, ngati aja a pamagodauni osungiramo katundu kudoko, ataima njo, ndodo ili m'manja, atandikanikiza m'chiuno.

"Mufunseni akufuna chiyani."

"Ayambe wanena amene anamulemba ntchito."

Yankho linabwera lokha, ndipo silinandikomere. Ndi ineyo, tsiku la maliro. Akuti kuchokera pamenepo panalibenso wondiyang'anira kumbuyo, ndiye iye sanakhalepo pansi. Diso lachiwiri lija linatsinzina lokha. Mayiyo anati ndimuthokoze. Ndinati "yewo" wapansipansi, kuti asazolowere.

"Nanga chingamupumitse n'chiyani?"

"Akuti womulandira ntchito. Koma wokhulupirika."

Ndinabwerera kunyumba ndi funso limenelo. Masiku anga onse ankathera pamwala, pafupi ndi thandala loyanikapo chinangwa cha kondowole, khosi uku, chiuno uko, kulimbana ndi mbuzi, apusi ndi anthu. Ndinayesa m'mutu abale onse mmodzimmodzi, mlonda akungopukusa mutu. Abusa omwe anawakana, akuti amaphethira pafupipafupi.

Anatsala mayi woyandikana nane, amene tinali tisakulankhulana kuchokera pamene nkhuku yake inafera m'munda mwanga mosadziwika bwino. Ndinapita pakhonde pake.

"Anzanga, mumandiyang'ana tsiku lonse popanda phindu. Bwanji muziyang'ananso chinangwa changa?"

"Ndimachiyang'ana kale," anayankha asanandipatse n'komwe mpando. "Lachiwiri pusi anatenga ziwiri inu mukusinza, kukamwa kuli yasa."

Ndinapsa mtima kwambiri. Koma pobwerera ndinazindikira kuti ndawerama n'kutola nkhuni popanda kubuula. Mlonda anali atamva kuti pali wina woposa iye.

Tinapangana: m'mawa iwo ayang'ana chinangwa changa, masana ine ndiyang'ana usipa wawo. Sitikhulupirirana, n'chifukwa chake ntchito imayenda bwino. M'mawamo ndimagona pamphasa, kenako ndimayenda pang'ono. Ululu sunathe wonse. Kukachita mitambo umabwera, ine n'kumufunsa mlonda uja kuti, "Kwagwanji, achimwene?" Nthawi zina pamakhaladi nkhani, nthawi zina amangofuna kuoneka kuti akadali pantchito.

Mu Disembala mwana wanga anabwera, tinatsikira kudoko n'kuyamba kukwera. Ndinaima katatu. Koyamba ndinati ndikuona nsomba, kachiwiri ndinati ndikuona amene wakhoma malata atsopano. Kachitatu ndinangonena kuti ndatopa. Koma pamwamba ndinafika ndekha.

"Chabwino Ama, khalani. Koma Lachitatu musamajombe."

Sindijomba. Pano mayi wa uphungu akuti kuseri kwa mlondayo kwabisala kamtsikana kamantha kamene kakufuna kundilankhula. Ndamuuza kuti kadikire kaye pakhonde. M'nyumba mwanga salowa mwana ndisanadziwe kuti kwawo n'kuti.